Nyumba ziwiri za mdadada: masitolo pansi, pogona pamwamba

Izi ndinkalemba m'kabuku kanga nthawi yonse imene tinkakonza nyumba ziwiri zakale m'tauni ina ya kumpoto kwa England. Ndazisonkhanitsa chifukwa anthu angapo andifunsa kuti ntchito yotere imadya ndalama zingati, ndipo imavuta pati. Tinagula anthu atatu: ine, mayi a kunyumba ndi alamu anga. Nyumbazi zili mumdadada wa nyumba 8 zogundizana makoma, zomangidwa ndi njerwa m'zaka za m'ma 1840, ndipo mdadada wonsewo uli pa mndandanda wa nyumba zotetezedwa, m'gulu la Grade II. Pa nyumba yotere ngakhale chitseko chakale cha m'kati simungachizule popanda chilolezo cha khonsolo, ndipo kutero ndi mlandu malinga ndi lamulo la 1990 loteteza nyumba zakale. Cholinga chathu chinali choti pansi pa nyumba iliyonse pakhale malo a bizinesi, pamwamba pakhale fulati ya zipinda zogona ziwiri. Tinaika pambali £190,000 ya ntchito yonse, ndipo mwa ndalamazo £19,000 inali ya zogwa mwadzidzidzi.

14 Febuluwale 2022: makiyi

Talowa. Nyumba iliyonse ndi yopapatiza, mamita 5 m'lifupi, yosanjikizana katatu, ndipo ili ndi chipinda cha pansi pa nthaka. Pansi panali masitolo kuyambira kalekale, koma onse awiri akhala otseka zaka 6. M'mwamba munkasungidwa katundu basi. Fungo la chinyontho likukulandirani pakhomo pomwe.

Tinayenda ndi injiniya tsiku lonse. Iye ndi woyeza nyumba atilipiritsa £2,300. Makoma a kutsogolo ndi owongoka, masitepe akale a nyumba ya kumanzere alipo onse, ndipo mawindo 14 a matabwa otsegula chokweza m'mwamba akadali m'malo mwake ngakhale penti wawamatirira. Chimene chinandidzidzimutsa chinali kudenga. Nditakwera n'kuwalitsa tochi, kuwala kunapita mpaka kumapeto kwa mdadada. Makoma olekanitsa nyumba amathera pa siling'i, ndipo pansi pa denga ndi phanga limodzi la nyumba zonse 8. Injiniya akuti midadada yambiri ya nthawi imeneyo inamangidwa choncho. Moto utabuka pa nyumba imodzi ungadutse m'mwambamo n'kutsikira kwa wina aliyense. Apa m'pamene ndinamvetsa kuti tagula mbali ya chinthu chimodzi chachikulu, ndipo denga, makoma ndi ngalande tikugawana ndi anthu amene sitinawaonepo n'komwe.

9 Malichi: asibesitosi

Nyumba iliyonse imene inakonzedwapo chisanafike chaka cha 2000 (asibesitosi, chomangira chimene fumbi lake limawononga mapapo, analetsedwa kotheratu m'dziko muno mu 1999) imafunika kuyezedwa musanayambe kugumula. Kuyeza kunali £680. Anamupeza m'matailosi a pansi, m'zopaka za siling'i ya chipinda chimodzi, ndiponso m'mabolodi amene wina anakhomera kudenga kwa sitolo ya kumanja. Mabolodiwo ndi amene ali oopsa. Amachotsedwa ndi kampani ya chiphaso yokha, ndipo kampaniyo imayenera kudziwitsa boma masiku 14 isanayambe. Kuchotsa zonse £5,200. Alamu anga anali atabwera kale ndi hamala sabata yoyamba kuti ayambe kugwetsa siling'iyo, ndipo ndikuthokoza kuti injiniya anawaletsa.

21 Epulo: pulani yabwezedwa

Pulani yathu yoyamba inali yogwetsa khoma la pakati pa masitolo awiriwo kuti pakhale malo amodzi aakulu, chifukwa malo aakulu amabweretsa lendi yabwinopo. Mayi oona za nyumba zakale ku khonsolo anabwera, anayendayenda m'zipinda ali chete, kenako anandiuza kuti: "Bambo, chimene chikutetezedwa pano si njerwa za kutsogolo zokha. Ndi kagawidwe ka zipinda. Mukachotsa khomali, sizikhalanso nyumba ziwiri."

Ndinakhumudwa, sindibisa. Koma pano ndikuona kuti ananena zoona, ndipo vuto linali lathu: tinajambulitsa pulani yonse tisanapite kukacheza nawo. Safunsa anadya phula. Kujambulanso kwatidyera £1,900 ndi masabata 5. Amene mukuganiza zoyamba ntchito yotere, pitani ku khonsolo ndi pepala lolembedwa ndi pensulo, mumve maganizo awo, kenako mulipire wojambula.

Zilolezo zake ndi ziwiri zosiyana. China ndi cha kusintha ntchito ya nyumba, chomwe chimalipiridwa. China ndi chilolezo chogwira ntchito pa nyumba yotetezedwa, chotchedwa listed building consent, chomwe n'chaulere koma chimafuna chikalata chofotokoza mbiri ya nyumbayo ndi mmene ntchito iliyonse idzakhudzire zinthu zakale. Kuyambira Sepitembala 2020, masitolo, maofesi ndi malo odyera zinaikidwa m'gulu limodzi lotchedwa Class E, choncho pansi pangasinthe kuchoka pa sitolo kukhala ofesi popanda kupemphanso. Izi zimathandiza kwambiri popeza ochita lendi.

Chovuta kwenikweni papulani chinali khomo la anthu a pamwamba. Munthu sangamadutse m'sitolo popita kokagona. Nyumba ya kumanzere ili ndi khomo lake lakale la m'mbali ndi kanjira kopita ku masitepe. Ya kumanja, sitolo inameza kanjirako zaka zambiri zapitazo. Titayalula kapeti tinapeza mzere pa matabwa a pansi wosonyeza pamene khoma lakale linadutsa, ndipo mayi aja anavomera kuti tilibwezere pomwepo.

30 Meyi: mileme

Khonsolo inafuna lipoti la mileme tisanakhudze denga, chifukwa mileme ndi malo ake ogona n'zotetezedwa ndi lamulo. Kuyang'anira kwake kumachitika madzulo, pakati pa Meyi ndi Sepitembala, nyengo imene mileme imauluka. Akatswiri awiri anaima panja ndi makina awo mpaka usiku. Sanapeze kuti ikugona m'denga lathu. £1,150. Tikanagula nyumbazi mu Okutobala tikanadikira miyezi 7 chifukwa cha lipoti limeneli lokha.

13 Juni: makoma a anzathu

Apa ndinachedwa ndine. Lamulo la Party Wall la 1996 limafuna kuti ukafuna kuboola kapena kukweza khoma logawana ndi mnzako umudziwitse polemba miyezi iwiri ntchito isanayambe. Ine ndinkaganiza kuti makalatawo amatumizidwa zilolezo zikatuluka. Ndikanawatumiza mu Epulo.

Kumanzere kumakhala agogo ena amene akhala m'nyumbayo zaka zoposa 50. Mayi a kunyumba anapita kukakhala nawo pansi, anawaonetsa pulani, ndipo anasaina tsiku lomwelo. Anatiuzanso zinthu zimene palibe lipoti likanatiuza: kuti bwalo la kuseri linathiridwa konkire m'zaka za m'ma 1970, ndipo fungo la chinyontho m'nyumba zathu linayamba pambuyo pake. Mawu amenewa ndinawalemba, ndipo anadzatithandiza mu Okutobala.

Kumanja mwini wake sakhala m'tauni muno ndipo sanayankhe. Pakatha masiku 14 popanda yankho, lamulo limatenga ngati pali kusagwirizana, ndiye pamafunika akatswiri oyeza nyumba a mbali zonse, ndipo wolipira ndi iwe womanga. £2,700. Chabwino chake n'chakuti anajambula zithunzi za mng'alu uliwonse wa m'nyumba ya mnzathuyo ntchito isanayambe. Patapita miyezi anadzadandaula za mng'alu wa pa masitepe ake, ndipo chithunzi chinasonyeza kuti unalipo kale. Nkhani inathera pomwepo mwamtendere.

25 Julayi: zobisika zaonekera

Zilolezo zinatuluka pa 8 Julayi, ndipo tinayamba kukanganula zonse zimene zinakhomedwa pamwamba pa zakale. Sabata yatha kunatentha moti amisiri anaweruka masana masiku awiri.

Mu sitolo ya kumanja, kuseri kwa mabolodi, tinapeza kuti khoma lotukuka la chumuni linagumulidwa kuyambira pansi mpaka pa siling'i kuti sitolo ikule. Koma m'mwamba chumuni yonse ikadalipo, nsanjika ziwiri za njerwa ndi mutu wake wa padenga, ndipo zonsezo zinkatsamira pa matabwa awiri ndi kachitsulo kadzimbiri. Injiniya atangoona anatitulutsa tonse, n'kuitanitsa zitsulo zochirikiza tsiku lomwelo. Panali njira ziwiri: kuika mtanda wachitsulo, kapena kumanganso khomalo kuchokera pansi. Tinasankha kumanganso ndi njerwa zakale zogula kwa ogulitsa zogumula. Sitolo yachepa ndi theka la mita mbali imodzi, koma katundu wa chumuni wabwerera pa maziko ake. £6,400.

Kutsogolo kunali bokosi la pulasitiki la chikwangwani cha sitolo. Titalichotsa tinapeza thabwa lakale la chikwangwani, zilembo zolembedwa ndi dzanja zikuonekabe pang'ono. Tonse tinasangalala, mpaka alamu anga anaitana agogo aja kuti adzaone. Chisangalalo sichinakhalitse. Amene anakhoma bokosilo anachotsa mtovu umene unkatchinga mvula pamwamba pa chikwangwani n'kumatapo tepi wa phula. Madzi akhala akulowa kuseri zaka zonsezi, ndipo mtanda waukulu wa thabwa umene umanyamula khoma lonse la kutsogolo pamwamba pa windo la sitolo unali utaola kumapeto konse kuwiri. Sikuludilaiva inalowa yonse popanda kukankha. Pakati pake mtandawo unali wolimba, choncho sitinautaye. Kalipentala anadula zoolazo, analumikiza thabwa latsopano la mtengo wa oak, ndipo injiniya anawonjezera chitsulo kuseri kumene sikuoneka. Pamodzi ndi zochirikiza ndi mtovu watsopano, £7,900.

Ndalama ya zogwa mwadzidzidzi yatha, ndipo denga sitinalikhudze.

5 Sepitembala: denga

Nsanja zachitsulo zokwerapo amisiri zaima kutsogolo ndi kuseri. Denga ndi la masileti, miyala yopyapyala yofolera, a ku Wales. Masiletiwo ambiri ali bwinobwino patatha zaka zonsezi. Chimene chinatha ndi misomali yachitsulo, imene inadyeka ndi dzimbiri mpaka masileti anayamba kutsetsereka. Wofolera ankatsitsa limodzilimodzi n'kuligogoda ndi hamala. Lolira ngati belu ankaliika kumanja, lolira mogonthoka kumanzere. Pa masileti 10 alionse, 6 anabwerera padenga. Akale onse tinawaika kutsogolo kumene anthu amaona, ndipo kuseri tinawonjezera ena ogwiritsidwa kale ntchito a kukula komweko. Misomali yonse tsopano ndi ya kopa. Denga lonse, mtovu wa m'mphepete mwa chumuni, ngalande zachitsulo za m'mphepete mwa denga ndi nsanja, £31,000, monga mmene tinawerengera poyamba. Iyi ndi ntchito yokhayo yaikulu imene sinapitirire mtengo wake.

Denga lili chotsegula tinamanga makoma atatu otchinga moto m'phanga lija, kufika pansi penipeni pa masileti, n'kutseka mipata ndi ubweya wa miyala umene sugwira moto. £2,600.

17 Okutobala: chinyontho

Gawo ili ndilemba motalikirapo chifukwa ndi pamene anthu ambiri amataya ndalama.

Khoma la kuseri linali lonyowa kufika m'chiuno. Kampani ina yothana ndi chinyontho inabwera, inagunditsa kamakina pa khoma, kamakinako kanalira, ndipo anatipatsa mtengo wa £7,000 woti aboole njerwa, apopemo mankhwala, kenako amate pulasitala wa simenti wosalowa madzi. Mmisiri wathu wa njerwa, bambo wachikulire amene wagwira nyumba zakale moyo wake wonse, anandikokera pambali. Anati kamakinako kanapangidwira kuyeza matabwa, ndipo pa khoma lakale kamalira ngakhale chifukwa cha mchere wa m'pulasitala. Anati tisagule mankhwala tisanadziwe kumene madzi akuchokera.

Tinakumbukira mawu a agogo aja. Titaswa konkire ya bwalo la kuseri tinapeza kuti inakweza nthaka ndi masentimita pafupifupi 20, inatsekereza njerwa zonse za mabowo zolowetsa mpweya pansi pa matabwa, ndiponso inapendekekera kunyumba, moti mvula yonse ya pabwalo inkathamangira kukhoma. Kuwonjezera apo khoma lonse la kuseri linamatidwa simenti yolimba kunja. Njerwa za nthawi imeneyo n'zofewa, ndipo zinamangidwa ndi matope a laimu. Khoma lotere limamwa madzi mvula ikagwa n'kuwatulutsa kukacha. Simenti ikang'aluka madzi amalowa, koma potulukira palibe. Kunja khomalo linkaoneka losalala bwino, chikomekome cha mkuyu.

Kuchotsa simentiyo kunali kowawa kuonerera. Ngakhale amisiri ankagwiritsa chizulo ndi hamala pang'onopang'ono, malo ena simenti inkachoka ndi nkhope ya njerwa. Tasintha njerwa 640. Samalani pogula: njerwa zakale n'za muyezo wa mainchesi, ndipo za masiku ano sizigwirizana nazo mizere. Ulendo woyamba anatibweretsera zolakwika ndipo tinazibweza. Ntchito yonse ya khomali £9,300.

M'kati, titazula matabwa a pansi a chipinda cha kuseri, tinapeza bowa wodya matabwa amene kuno amamutcha dry rot. Ulusi wake woyera unali utayanga pa mitanda n'kulowa m'njerwa, ndipo matabwa ankanyenyeka timabokosi timabokosi. Bowayu amakula pamene pali chinyezi popanda mpweya woyenda, ndipo konkire ija inamupatsa zonse ziwiri. Tinadula matabwa onse odwala ndi kupitirirako pang'ono, tinaika mitanda yatsopano yosagunda njerwa zonyowa, tinatsegula mabowo a mpweya, tinatsitsa bwalo n'kuthira miyala ing'onoing'ono m'mphepete mwa khoma. £8,100. Mankhwala opopera m'khoma aja sitinagule.

19 Disembala: chisanu chawononga

Cholakwa ichi n'changa ndekha. Mipata ya pakati pa njerwa za khoma la kuseri inafunika kumatidwa ndi matope a laimu. Mmisiri anandiuza kuti nyengo yapita, tidikire Epulo, chifukwa laimu safuna kuzizira kotsika kuposa madigiri 5 ndipo amatenga masabata kuti alimbe. Ine ndinkawerenga ndalama ya nsanja, £210 pa sabata, ndipo ndinawaumiriza. Anavomera monyinyirika, anagwiritsa laimu wa mtundu wotchedwa NHL 3.5 amene amagwira msanga, muyezo umodzi wa laimu pa iwiri ndi theka ya mchenga, n'kuphimba khoma ndi masaka.

Anamaliza kumapeto kwa Novembala. Kuyambira pa 8 Disembala kunagwa chisanu choopsa dziko lonse kwa masiku oposa 10. Madzi a m'matope anaundana n'kufufuma. Lero ndapita kukakanda ndi chala ndipo matope akugwa ngati ufa. Pafupifupi magawo awiri mwa atatu a khoma ayenera kukolokosedwa n'kumatidwanso. Ntchito yotayika ndi £3,400, ndipo nsanja zikhalabe masabata ena 14, yomwe ndi £2,940. Ndinapita kukawapepesa bambo aja. Anangoti, "Tidzayambiranso kukafunda, bambo," n'kupitiriza kumanga masaka.

6 Febuluwale 2023: pakati pa sitolo ndi pogona

Kuika bizinesi ndi anthu ogona m'nyumba imodzi kumavutira pamalo amodzi, pa matabwa amene ali denga la sitolo komanso pansi pa fulati. Woyendera za kamangidwe anafuna kuti malowa athe kutchinga moto kwa mphindi 60, ndiponso kuti phokoso lisamadutse. Njira yachidule ndi kugwetsa siling'i yakale n'kukhoma mabolodi awiri osagwira moto. Ku nyumba ya kumanja tinatero, chifukwa siling'i yakale inapita kale ndi asibesitosi uja. Koma kumanzere siling'i ya pulasitala wa laimu ikadalipo ndi zokongoletsa zake za m'mphepete, ndipo chilolezo chathu chimati isakhudzidwe.

Ndiye tinagwira ntchito kuchokera pamwamba. Kalipentala analemba nambala thabwa lililonse, anawazula, tinachotsa zinyalala za zaka 180 pakati pa mitanda, tinaika zotchinga moto zopachikidwa pa mitanda kuti zisalemere pa siling'i, pamwamba pake ubweya wa miyala, kenako mphira wopyapyala, n'kubwezera matabwa monga mwa manambala ake. Nyumba zonse ziwiri £14,500. Mabelu ochenjeza za moto a m'sitolo ndi a m'fulati ndi olumikizana, kuti utsi ukayamba pansi usiku ogona pamwamba adzuke.

Tsiku loyeza phokoso linafika. Pa nyumba yosinthidwa ntchito malamulo amafuna kuti pansi patchinge phokoso ndi madesibelo osachepera 43. Kumanja tinapeza 46. Kumanzere 41. Tinalephera. Woyeza anayenda ndi makina ake m'chipinda cha pamwamba mpaka anaima pa malo osonkhapo moto. Phokoso silinkadutsa m'matabwa amene tinavutika nawo aja, linkakwera m'chumuni. Njira ya utsi ya sitolo ndi ya chipinda cha pamwamba zimalekanitsidwa ndi njerwa imodzi yopyapyala, ndipo inali itagumuka malo ena. Tinatseka njira ya sitolo pamwamba pa malo a moto, n'kuisiyira kabowo kopumira kotulukira kunja kuti isachite chinyezi. Kuyezanso kunapereka 45. Kukonza ndi kuyezanso £1,750.

20 Malichi: ngalande ndi mamita

Kamera imene anailowetsa m'ngalande ya zonyansa inasonyeza kuti paipi yadothi inasweka pansi pa bwalo. Ngalande yaikulu imene imadutsa kuseri kwa nyumba zonse 8 ndi ya kampani ya madzi kuyambira Okutobala 2011, koma kachigawo kotumikira nyumba yathu yokha ndi kathu, ndipo kosweka kanali komweko. £4,300. Paipi yobweretsa madzi akumwa inali ya mtovu ndipo tinaisintha.

Malo anayi amafuna mamita anayi a magetsi ndi anayi a madzi. Lembetsani izi tsiku limene zilolezo zatuluka. Ife tinalembetsa mu Januwale ndipo tinadikira masabata 11.

8 Meyi: laimu ndi mawindo

Kwafunda, ndipo khoma la kuseri lamatidwanso. Ulendo uno mmisiri anasakaniza yekha laimu wamoto, muyezo umodzi pa itatu ya mchenga wokhakhala. Akathira madzi matope amatentha n'kutulutsa nthunzi, ndipo magalasi oteteza maso ndi magolovesi sizichoka. Matope ake ndi onona, amamatirira bwino, ndipo ndi ofewa kuposa njerwa, zomwe zikufunika kuti chinyezi chizitulukira m'mizere osati m'njerwa. Akayamba kugwira amawagogoda ndi bulashi yolimba. Ntchito yanga inali kunyowetsa masaka m'mawa ndi madzulo kwa sabata ndi theka.

Mawindo 14 onse apulumuka. Munthu wina anandilangiza kuti tiike a pulasitiki, koma chilolezo sichikanatheka, ndipo nditaona thabwa lake penti atachoka sindikanafunanso. Ndi paini wa mizere yothithikana amene masiku ano sapezeka wamba. Penti wakale anali ndi mtovu, choncho sanamupale ndi sandipepa youma. Kalipentala anasintha matabwa a m'munsi oola, zingwe zonyamula zolemera za m'mbali, n'kuika timabulashi totseka mphepo, £620 pa windo. M'kati tinawonjezera galasi lachiwiri lotsetsereka, £5,600 onse pamodzi, ndipo phokoso la msewu latsika kwambiri m'zipinda zogona.

3 Julayi: ndalama ndi ochita lendi

Ntchito yatha pa £228,640. Zosayembekezereka zonse zinakwana £57,640. Nditakhala pansi n'kuzigawa ndinapeza kuti £36,900 inapita pokonza zimene anthu anachita pa nyumbazi m'zaka 50 zapitazi: asibesitosi, chumuni yodulidwa, bokosi la chikwangwani, simenti ndi konkire. Zimene anamanga a m'ma 1840, pamene sizinasokonezedwe, zinangofuna misomali, zingwe ndi penti. Ndalama yapadera ya magawo 10 pa 100 inachepa kwambiri. Pa nyumba yotere ndikanaika 25 kapena 30.

Pa msonkho wa VAT tinapulumutsako. Kale ntchito zina zovomerezeka pa nyumba zotetezedwa sizinkalipira VAT, koma izi zinatha mu 2012. Chimene chilipo n'chakuti ntchito yosandutsa malo kukhala pogona, kapena yokonza nyumba yogona imene yakhala yopanda anthu zaka ziwiri, imalipira 5 pa 100 m'malo mwa 20. Izi zimakhudza mafulati okha, masitolo ayi, choncho kontilakitala ankalemba malisiti awiri osiyana. Kambiranani naye zimenezi asanalembe lisiti loyamba, chifukwa kubweza pambuyo n'kovuta.

Masitolo amalipira msonkho wa malo a bizinesi (business rates), mafulati msonkho wa nyumba zogona (council tax), ndipo inshulansi ya nyumba yosakaniza bizinesi ndi pogona imafunsa kuti pansi pakuchitika chiyani. Anthu atatu anafuna kutsegula malo ophikira zakudya, ndipo akanalipira lendi yokwera. Tinawakana. Pakanafunika chipaipi chachikulu chotulutsa utsi kukwera khoma la kuseri limene tangolipulumutsa, ndipo ogona pamwamba akanakhala ndi fungo ndi phokoso mpaka usiku. Kumanzere kwalowa mayi osoka ndi kukonza zovala, kumanja ofesi ya owerengera ndalama. Onse amatseka 6 koloko madzulo, ndipo zimenezi tinazilemba m'pangano la lendi pamodzi ndi malo oika mabini, chifukwa bwalo la kuseri ndi laling'ono ndipo mabanja awiri ndi mabizinesi awiri akugawana.

13 Novembala: mvula yoyamba

Kwagwa mvula yambiri masabata atatu apitawa, ndipo lero ndinapita ndi tochi. Khoma la kuseri limada mvula ikamagwa n'kuyera pakapita tsiku limodzi kapena awiri. M'kati, pulasitala wa laimu wauma kupatula pakona ya kumanja, pamene pakadali bala la chinyontho lalikulu ngati chikhatho. Mmisiri akuti khoma lochindikala chonchi limauma pang'onopang'ono, tilipatse chaka china, ndipo tisalipake penti wa pulasitiki. Ndalemba mzere wa pensulo kuzungulira balalo ndi deti lake.

Pansi pa chipinda cha kuseri tinasiya kachitseko koonera mitanda. Ndinatsegula, mpweya ukuyenda, ndipo ulusi woyera uja sunabwerere. Banja la fulati ya kumanzere likuti makina osokera samveka, koma belu la pachitseko cha sitolo limamveka pa masitepe, ndiye ndagula lina lolira pang'ono. Ngalande ya m'mphepete mwa denga la agogo aja yadzaza masamba ndipo ikusefukira pa khoma lathu. Ndawapempha, avomera, ndipo alamu anga abwera ndi makwerero Loweruka. Chipinda cha pansi pa nthaka sitinachikhudze, ndipo chikhala chopanda kanthu, mawindo ake ang'onoang'ono ali otsegula, mpaka tidzaone mmene chidzakhalire mu Epulo.